Timibulu ta Mapuloteni a Mkaka Tikalephera Kusunga Michere: Zizindikiro, Zifukwa ndi Chochita

Anthu amene amagwira ntchito yolowetsa vitamini D, curcumin (mtundu wachikasu wa mu turmeric), beta-carotene (mtundu wa mu kaloti), mafuta a omega-3 kapena ma polyphenol (michere ya mu zomera monga tiyi) m'timibulu ting'onoting'ono ta mapuloteni a mkaka amabwera ndi madandaulo omwewo chaka ndi chaka. Madzi amene dzulo anali osalala lero aundana, mtundu wachikasu wazilala patangopita milungu iwiri, kapena ufa wouma ukungoyandama pamwamba pa madzi osafuna kusungunuka. Ambiri amathamangira kuloza chala makina kapena ufa wa puloteni umene anagula, pamene gwero la vuto kawirikawiri limakhala pH (muyezo wa asidi, umene umatsika asidi akachuluka), kashiamu, kapena kayezedwe kolakwika.

Mapuloteni a mu mkaka wa ng'ombe ali m'magulu awiri. Pafupifupi magawo 80 pa 100 ndi casein, ndipo otsalawo ndi mapuloteni a whey (madzi otsala mkaka ukaundana), amene wochuluka mwa iwo ndi beta-lactoglobulin. Casein amapezeka kale mu mkaka ali m'timibulu totchedwa micelle, tokula kuyambira nanomita 50 mpaka 500 (nanomita 1,000,000 zimapanga milimita imodzi), tomangidwa m'kati ndi kashiamu ndi fosifeti, ndipo kunja kwake kuli kappa-casein amene amatuluka ngati ubweya n'kumaletsa kambulu kena kugwirana ndi kanzake. Ntchito yachilengedwe ya timibuluti ndi kunyamulira mwana wa ng'ombe kashiamu. Mu 2007, Yoav Livney ndi anzake a ku yunivesite ya Technion ku Haifa, m'dziko la Israel, anasonyeza kuti timibuluti tingamangidwenso kuchokera ku sodium caseinate (ufa wa casein wosungunuka m'madzi) tili ndi vitamini D2 m'kati, ndipo kuti vitaminiyo imatetezekako ku kuwala kwa ultraviolet. Beta-lactoglobulin amanyamula mwa njira ina, popeza ali ndi kathumba kakang'ono kolowa zinthu zokonda mafuta monga retinol (vitamini A). M'malangizo ano, chinthu chimene mukufuna kunyamulitsacho tichitchula kuti katundu.

Musanayambe kufufuza

Zinthu zitatu izi zichitike nthawi iliyonse, zizindikiro zikhale zotani:
- Yezani pH ndi makina amene mwawakonza tsiku lomwelo pogwiritsa ntchito madzi oyezera a pH 4 ndi pH 7, ndipo lembani kutentha kwa sampulo pa nthawi yoyezayo.
- Pangani sampulo ya puloteni yekha yopanda katundu, ndi ina ya katundu yekha yopanda puloteni, zonse zidutse m'njira imodzimodziyo. Popanda masampulo awiriwa simungadziwe ngati wolakwa ndi wonyamula kapena wonyamulidwa.
- Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Mukasintha pH, kutentha ndi kuchuluka kwa kashiamu nthawi imodzi ndipo zinthu n'kuyenda, simudzadziwa chimene chathandiza, ndipo vutolo likadzabweranso mudzayambira pomwepo.

Chizindikiro 1: Madzi aundana, kapena zoyera zadikha pansi

Ili ndilo vuto lofala kuposa onse, ndipo zifukwa zake zandandalikidwa kuyambira chimene chimachitika kawirikawiri.

1. pH yayandikira pamene puloteni amataya mphamvu yokankhana. Mkaka umakhala pa pH ya pakati pa 6.6 ndi 6.8, pomwe timibulu timakankhana tokha. Casein amaundana pa pH 4.6, ndipo beta-lactoglobulin amafooka kwambiri cha pa 5.2. Vuto limayamba musanafike pa manambalawo, chifukwa pH ikamatsika, kashiamu ndi fosifeti za m'kati mwa kambulu zimayamba kusungunuka ndipo ubweya wakunja uja umagona. Dziwani kuti katundu wina amabwera ndi asidi wakewake, monga vitamini C ndi madzi ofinyidwa kuchokera ku zipatso, kotero pH yoyezedwa musanathire katundu siikuuzani zonse. Yezaninso mukathira, ndiponso mukatenthetsa ndi kuziziritsa. Ngati chakumwa chanu chiyenera kukhala cha asidi, cha pa pH 4, casein yekha sangapirire. Mukuteni ndi pectin (cholimbitsa chochokera ku zipatso) wa mtundu wa high methoxyl, amene amamatirira pa timibulu n'kutipatsa chotchinga chatsopano, ndipo pectin ameneyo asungunulidwe payekha bwinobwino asanakumane ndi puloteni. Njira ina ndiyo kugwiritsa ntchito mapuloteni a whey pa pH yotsika kupitirira 3.5, pamene amakhala osungunuka ndipo chakumwa chimaoneka choyera ngati madzi.

2. Kashiamu wachuluka, kapena wathiridwa mofulumira. Pomanganso timibulu kuchokera ku sodium caseinate, kashiamu ndi fosifeti ndi sitireti zimafunika kulowa pang'onopang'ono, mosinthanasinthana, chotakasa chikuzungulira. Mukathira calcium chloride yense nthawi imodzi, mudzaona ndi maso kamtambo koyera kakubadwa pamalo pamene dontho lagwera, ndipo m'masekondi ochepa kamtamboko kamasanduka tizibenthu toyera tozungulira m'galasi ngati utuchi. Tizibenthu timeneto sitisungunukanso ngakhale mutatakasa usiku wonse. Poyeza, tapani pang'ono m'chubu ndipo mudontheze sodium citrate. Zoundanazo zikasungunuka, ndiye kuti kashiamu ndiye anazimanga. Kumbukiraninso kuti madzi a pampopi ena amakhala ndi kashiamu wambiri, choncho poyesera gwiritsani ntchito madzi osefedwa opanda mchere uliwonse.

3. Kutentha kwapinda mapuloteni a whey. Kupitirira madigiri 70, beta-lactoglobulin amafutukuka n'kuonetsa mbali yake ya salifa imene inali yobisika, ndipo mbali imeneyi imamangana ndi ya mnzake kapena ndi kappa-casein. Kutenthetsa kwa madigiri 72 kwa masekondi 15 sikuononga kwambiri, koma kutenthetsa kwa UHT, kumene kumafika madigiri 135 kapena kuposerapo, kumapinda gawo lalikulu. Ena amachita zimenezi mwadala kuti apange timibulu ta whey, ndipo zimatheka pokhapokha puloteni akakhala wochepa m'madzi, mchere uli wochepa, ndiponso pH ili kutali ndi 5.2. Ngati mukupeza phala m'malo mwa timibulu, chepetsani puloteni poyamba musanachepetse kutentha.

4. Ethanol (alkoholo) wachuluka. Katundu wosasungunuka m'madzi amayamba wasungunulidwa mu ethanol, koma ethanol yemweyo amagonetsa ubweya wa kappa-casein. Sungunulani katundu wambiri mu ethanol wochepa, ndipo ethanolyo adonthezedwe m'madzi a puloteni, osati madzi a puloteni mu ethanol.

5. Ma enzyme akudula puloteni. Izi muziziganizira ngati madzi anali bwino kwa milungu ingapo ndipo aundana ali m'botolo lotseka pH isanasinthe. Plasmin, amene amapezeka mwachilengedwe mu mkaka, amapirira kutentha, ndipo mabakiteriya a mtundu wa Pseudomonas amene amakula mu mkaka wozizira amasiya ma enzyme amene sawonongeka ngakhale mabakiteriyawo atafa. Kawirikawiri vutoli limabwera ndi kuwawa pang'ono. Palibe mankhwala ake pa gulu limene lagwidwa kale, ndipo chofunika ndi kubwerera ku mkaka kapena ufa umene munayambira.

6. Zolimbitsa zina sizikugwirizana ndi puloteni. Guar kapena xanthan akachuluka amakankhira timibulu pamodzi mpaka madzi agawanika pawiri. Pectin akachepa, chingwe chimodzi chimagwira timibulu tiwiri n'kutilumikiza m'malo motikuta. Yesani milingo isanu kapena isanu ndi umodzi yosiyana m'machubu, muiike pamzere, ndipo muone mawa lake.

Chizindikiro 2: Katundu wochepa ndiye walowa

Muzindikira vutoli poona mphete yachikasu kapena yofiirira pakhoma la galasi pamene madzi amalekezera, kapena timiyala tonyezimira pansi pa chubu mukachichotsa mu centrifuge (makina opukusa machubu kuti zolemera zidikhe pansi).

1. Mwasenzetsa puloteni katundu woposa mphamvu yake. Malo ogwirira katundu ali ndi malire, ndipo kathumba ka beta-lactoglobulin kamalandira kachinthu kamodzi kokha. Wotsalayo amayandama kwa kanthawi kenako amasanduka timiyala. Chulukitsani katundu pang'onopang'ono m'machubu osiyana, ndipo pamene wolowa waleka kukwera ndi pamene pali malire anu.

2. Ufa wa puloteni sunanyowe mokwanira. Kutha kwa zibuluma sikutanthauza kuti puloteni wasungunuka. Sodium caseinate amafuna maola angapo akutakasidwa, ndipo ambiri amamusiya usiku wonse m'firiji asanamugwiritse ntchito. Ufa wa micellar casein ndi wouma mutu kuposa pamenepo, moti umafuna madzi ofunda a madigiri 50 kapena kudutsa mu homogenizer (makina ophwanya tinthu ta m'madzi kuti tikhale tating'ono).

3. Kusakaniza kwachedwa. Dontho la katundu likagwera pamalo opanda mkokomo, katunduyo amagwirana yekhayekha asanakumane ndi puloteni. Donthezerani pamene madzi akuzungulira mwamphamvu, pafupi ndi chotakasa.

4. Njira ya pH yasokonekera. Curcumin amasungunuka pa pH 12, pamene casein nayenso amamasuka, ndipo pH ikabwezedwa pa 7 puloteni amadzimanganso ali ndi curcumin m'kati. Njirayi ndi yabwino chifukwa siifuna ethanol, ndipo imaoneka ndi maso, popeza madzi amafiira kwambiri pa pH 12 n'kubwerera ku chikasu asidi akamalowa. Koma curcumin amaonongeka m'madzi a pH yokwera, kotero nthawi imene amakhala ali wofiira ikhale yaifupi ndi yofanana ulendo uliwonse. Asidi akathiridwa mothamanga, malo ena amadutsa pa 4.6 ndipo casein amaundana pomwepo.

5. Kayezedwe ndiko kolakwika. Pano ndi pamene ndimada nkhawa kwambiri, chifukwa cholakwa chake chimabweretsa manambala osangalatsa amene munthu safuna kuwakayikira. Mukapukusa sampulo mu centrifuge pang'onopang'ono, timiyala tating'ono ta katundu timatsala m'madzi apamwamba ndipo timawerengedwa ngati talowa m'timibulu. Mukasefa, sefa yeniyeniyo imayamwa curcumin ndi vitamini D, ndipo katundu womasuka amaoneka wochepa kuposa m'mene alili. Dutsitsani sampulo ya katundu yekha m'njira yomweyo. Ngati nayo ikusonyeza kuti magawo 90 pa 100 alowa pamene mulibe puloteni aliyense, njira yanu yoyezera itayidwe.

Chizindikiro 3: Mtundu ukuzilala, kapena vitamini ikuchepa posunga

1. Kuwala. Zinthu zochokera ku mkaka, makamaka whey, zimakhala ndi riboflavin (vitamini B2), amene akaombedwa ndi kuwala amasandutsa okosijeni kukhala waukali kwambiri. Motero puloteni amatha kutchinga katundu ku kuwala, pamene riboflavin wobwera naye limodzi akuononga katundu yemweyo. Kulungani botolo limodzi ndi foyilo, lina mulisiye poyera, ndipo muyeze onse pakatha sabata. Kusiyana kukakhala kwakukulu, yankho lili pa chosungiramo chosalowa kuwala, osati pa timibulu.

2. Okosijeni. Kutakasa mwamphamvu kumalowetsa mpweya, ndipo thovu loyera pamwamba ndi umboni wake. Chotsani mpweya m'madzi musanayambe, dzadzani mabotolo mpaka pakhosi, ndipo ngati n'kotheka pemererani nayitirojeni musanatseke.

3. Ayironi ndi mkuwa. Zitsulo ziwirizi zimafulumizitsa kuonongeka kwa omega-3 ndi beta-carotene ngakhale zitakhala zochepa kwambiri. Zimachokera m'madzi, m'mapaipi akale, kapena mu ayironi amene mwathira mwadala kuti chakudya chikhale chopatsa thanzi. Kuika ayironi womasuka ndi mafuta a nsomba m'chakumwa chimodzi ndi kuitana vuto.

4. Katundu ali kunja kwa kambulu. Chimene chamatirira pamwamba chimaonongeka msanga kuposa chili m'kati. Chizindikiro chake n'chakuti kuchepa kumathamanga masiku oyamba kenako kumaima.

5. pH siikugwirizana ndi katundu. EGCG, polyphenol wa mu tiyi wobiriwira, amachita bulauni pa pH 7, pamene casein amakhala bwino, ndipo amasungika pa pH ya asidi, pamene casein amavutika. Mkangano umenewu sutha ndi kutakasa, koma ndi kusankha wonyamula wina kapena kuumitsa msanga.

Chizindikiro 4: Makina oyezera kukula akupereka manambala osinthasintha

Makina oyezera kukula otchedwa DLS amaona kuwala komwazika, ndipo kambulu kakakula kuwirikiza ka 10, kuwala kwake kumachuluka kuwirikiza ka 1,000,000. Fumbi lochepa chabe limaphimba timibulu tonse.

1. Fumbi kapena tithovu ta mpweya: tsukani kabotolo koyezeramo ndi madzi osefedwa ndipo muyeze katatu.
2. Kusungunula ndi madzi wamba: micelle akathiridwa madzi opanda kashiamu amayamba kumasuka, ndipo mumayeza chinthu chimene sichili m'botolo lanu. Sungunulani ndi madzi okhala ndi mchere ndi pH yofanana ndi ya sampuloyo.
3. Kuzizira: beta-casein amatuluka m'timibulu tikazizira kwambiri, choncho sampulo yochokera m'firiji iyambe yafunda kufika pa kutentha koyezera.
4. Sampulo yothithikana: ngati ili mbuu ngati mkaka, ichepetseni mphamvu mpaka nambala isiye kusintha.

Musade nkhawa mukapeza zeta potential (muyezo wa mphamvu ya magetsi ya pa kambulu) ya pafupifupi -20 mV pa micelle, ngakhale mabuku ambiri amati pamafunika 30. Micelle amadalira kwambiri ubweya wake uja kuposa mphamvu ya magetsi. Komanso kukula kwabwino kwa timibulu si umboni woti katundu watetezeka, ndipo umboni umenewo umapezeka poyeza katunduyo pakapita nthawi.

Chizindikiro 5: Ufa sukusungunuka, kapena wagwirana

1. Chinyezi ndi kutentha posunga. Lactose, shuga wa mu mkaka, akayamwa chinyezi amanata kenako amauma gwa, ndipo ufa umasanduka chibuluma. Ufa wokhala ndi casein wambiri umachita kachikopa kunja kwa kanjere kalikonse ukakhalitsa pamalo ofunda, moti madzi amalephera kulowa. Sungani m'matumba osalowa mpweya, pozizira.
2. Mpweya wotuluka mu spray dryer (makina oumitsa ndi mpweya wotentha) watentha kwambiri. Kutentha kwa potulukira n'kumene ufa umakumva kwenikweni, ndipo kukakwera, mapuloteni a whey amapindika. Tsitsani pang'onopang'ono mukuyeza chinyezi chotsala.
3. Mwaumitsa ndi kuzizira popanda chotetezera. Madzi akamaundana amapanikiza timibulu pamodzi. Shuga wa mtundu wa trehalose kapena maltodextrin wothiridwa musanaziziritse amatilekanitsa.
4. Ufa wachita bulauni. Puloteni wagwirizana ndi shuga monga lactose kapena glucose, ndipo zimenezi zimachepetsanso lysine (chimodzi mwa zomangira puloteni) amene thupi lingathe kumugwiritsa ntchito. Izi sizibwezeka.

Chizindikiro 6: Fungo kapena kakomedwe kasintha

Fungo la nsomba kapena la penti likutanthauza kuti mafuta aonongeka, ndipo zifukwa zake ndi za m'chizindikiro 3. Fungo la dzira lophika limachokera ku salifa wa whey wotenthedwa kwambiri. Kuuma m'kamwa kumasonyeza kuti ma polyphenol ena sanagwidwe ndi puloteni, kapena kuti ndi whey ali pa pH ya asidi. Kuwawa kochedwa kubwera n'kwa ma enzyme.

Chizindikiro 7: Katundu sakutuluka poyesa kugaya

Kambulu kogwira katundu mpaka kumukaniza thupi kalibe phindu. Njira ya INFOGEST, yofalitsidwa mu 2014 ndi kukonzedwanso mu 2019, imatsanzira m'mimba pa pH 3 kwa maola awiri ndi m'matumbo aang'ono pa pH 7 kwa maola ena awiri. Zotsatira zikakhala zotsika, onani izi:

1. Mphamvu ya ma enzyme ndi ndulu sinayezedwe, ndipo mwangodalira zolembedwa pa botolo.
2. M'sampulo mulibe mafuta. Beta-carotene ndi vitamini D zimafuna mafuta ndi ndulu kuti zifike pokonzekera kuyamwidwa.
3. Casein waundana kukhala chibuluma chachikulu m'gawo la m'mimba. Izi zimachitikanso m'thupi la munthu ndipo zimangochedwetsa kutuluka, choncho yezani mpaka mapeto a gawo la matumbo.
4. Mwamanga puloteni mopitirira ndi transglutaminase (enzyme yolumikiza mapuloteni) kapena kutentha. Chepetsani. Beta-lactoglobulin wosatenthedwa amapirira pepsin (enzyme ya m'mimba) mwachibadwa, kotero kusatuluka kwa katundu m'mimba si cholakwa ngati akutuluka m'matumbo.

Nthawi yosiya ndi kuitana katswiri

Imitsani ntchito, sungani gulu lonse padera, ndipo musalole munthu kulawa ngati mwaona chimodzi mwa izi:

- Botolo latupa, mukutuluka mpweya, kapena pH ikutsika yokha posunga. Awa ndi mabakiteriya, ndipo masampulo apite ku labotale yoyeza tizilombo.
- Chakumwa chili pa pH yoposa 4.6 ndipo mukufuna chisungike kunja kwa firiji. Pamenepa Clostridium botulinum, bakiteriya wotulutsa poizoni woopsa, amatha kukula, ndipo kutenthetsa kwake kuyenera kuwerengedwa ndi kutsimikiziridwa ndi katswiri wa ntchito imeneyo.
- Vitamini A kapena D ikupezeka yosiyana pamwamba ndi pansi pa thanki. Mavitamini awa amaunjikana m'thupi. Mu 1992 madokotala a ku Massachusetts ku United States analemba za anthu 8 amene anadwala chifukwa chomwa mkaka wothiridwa vitamini D yopitirira muyezo. Pamafunika kuyeza kwa HPLC (makina oyeza kuchuluka kwa chinthu chilichonse m'sampulo) ku labotale yovomerezeka.
- Mukufuna kuika timibuluti m'chakudya chimene sichikhala ndi mkaka. Casein ndi beta-lactoglobulin amayambitsa ziwengo zoopsa mwa anthu ena ngakhale atakhala ochepa, ndipo chikalata cha pa paketi chiyenera kutchula mkaka momveka.
- Mwagwiritsa ntchito mankhwala osadyeka a glutaraldehyde kapena acetone poyesera. Zotuluka pamenepo ndi za mu labotale basi.
- Chakudyacho ndi cha makanda, amayi oyembekezera kapena odwala amene akumwa mankhwala.
- Mukukonzekera kugulitsa. Malamulo a zinthu za nano (tinthu tating'ono toyezedwa m'ma nanomita) amasiyana dziko ndi dziko. Ku European Union, lamulo la 1169/2011 limafuna kuti chinthu chopangidwa mwadala kukhala cha nano chilembedwe motero pa mndandanda wa zosakaniza, ndipo lamulo la 2015/2283 limachiika m'gulu la zakudya zatsopano zofunika chilolezo chisanafike pamsika.

Popita kwa katswiri, tengani mabotolo osatsegula a gulu lovutalo ndi a gulu limene linayenda bwino, manambala a ufa wa puloteni umene munagwiritsa ntchito, ndiponso kaundula wa pH ndi kutentha pa gawo lililonse.